Kampango Kamene Sikanachapidwe

A Elsa anatchuka ku Likhubula chifukwa cha timipango topukutira kumaso. Sanali telala wa madiresi ayi. Iwo ankatolera zidutswa zimene matelala a pa Chitakale amataya, n'kuzidula mbali zonse zinayi mofanana, kenako n'kupinda m'mphepete ndi makina awo akale opukusa ndi dzanja. Lachisanu lililonse ankakhala kunja kwa mpanda wa chipatala cha Mishoni, timipango atatiyala pa lichero. Odikirira odwala ankagula ndithu, poti pachipatala maso ndi mphuno siziuma.

Ntchitoyi inayamba ndi nsalu imodzi. Anawoloka malire pa Muloza mu 1987 pothawa nkhondo ku Mozambiki, ali kamtsikana, atavala chitenje cha mayi awo chimene kwawoko amati kapulana. Chitaperepeseka pakati, anadula m'mbali momwe munali molimba n'kusoka timipango tinayi. Chiyambire pamenepo, kutaya nsalu kwa iwo kunali ngati kutaya ufa.

Matishu ankadana nawo poyera. Mwana wawo Janeti, yemwe amagulitsa m'sitolo ku Boma, akabwera nawo kunyumba ankalandira ulaliki waulere. "Chinthu chanji chopukutira kamodzi n'kuponya? Misozi ya munthu iziuluka mumsewu ngati jumbo?" Lamulo lawo linali limodzi: kampango kamachapidwa tsiku lomwelo ndi madzi otentha, kuyanikidwa padzuwa, n'kusitidwa ndi simbi ya makala. Kosachapa sikagona m'nyumba.

Amuna awo, a Eduardo, ankanyamula katundu wa alendo okwera phiri. Kwa zaka makumi atatu ankanyamuka m'mamawa ndi kampango koyera m'thumba, n'kubwerako katada ndi thukuta, kakununkha utsi wa mkungudza wa m'nyumba yogona alendo ya pamwamba pa phiri ku Chambe. A Elsa ankakalanda bamboyo asanavule n'komwe nsapato.

"Fungo langa simulifuna eti, mayi?" ankaseka a Eduardo.

Lachinayi lina mu Januwale anatsika phiri, n'kukhala pakhonde. Anapukuta nkhope, nati pachifuwa pakulemera. Kampango anapatsira akazi awo monga mwa masiku onse. Galimoto yopita nawo kuchipatala inafika munthu atatsirizika kale.

Kampango kaja a Elsa sanakachape. Anakakulunga m'jumbo ya shuga, iwo omwe ankanyoza majumbowo, n'kumanga kukamwa kuti fungo lisathawe. Anakabisa pansi pa makina osokera. Anthu akatuluka m'nyumba, ankamasula pang'ono, kununkhiza, n'kumanganso msanga. Bamboyo anamusowa koopsa, ndipo chimene chinatsala cha thupi lake chinali chomwecho basi.

Koma mwambo sufunsa mtima wa munthu. Pa tsiku lometa, zovala zonse za malemu zimachapidwa kumtsinje, n'kuyalidwa pamphasa kuti abale ake agawane. Wamasiye wobisa kanthu amatchedwa wakuba, ndipo ena amati akutsekereza mzimu wa malemu kuti usapite. A Elsa ankazidziwa zonsezi. Anapereka malaya, mathalauzi, jekete, ngakhale masokosi obooka.

"Amayi, nanga kampango kaja?" ananong'ona Janeti, yemwe anali atawaona akukabisa.

"Tseka pakamwa, iwe."

Wogawa zovalazo anali a Beatriz, mlongo wawo wamkulu wa a Eduardo. Ankakhala kutali mkati mwa Mozambiki, ndipo chifukwa cha mvula anafika manda atakwiriridwa kale. Anali atatha zaka khumi ndi chimodzi osaonana ndi mlongo wawoyo. Anakhala pamphasa, mayi wowonda wa maso akuthwa, n'kunyamula malaya oyamba. M'malo moitana dzina la wolandira, anawaika kumphuno. Anatenga jekete, n'kuchita chimodzimodzi. Anatero mpaka mulu wonse unatha.

"Sopo yekhayekha," anatero. "Nkhope sindinaione. Apa ndimati mwina ndimumvako fungo. Koma mwachapa bwino, alamu, mwachapa bwino zedi."

Ndiye analira, kulira kwa munthu wamkulu kopanda phokoso. Janeti anawapatsa tishu, ndipo posakhalitsa inanyenyeka m'manja mwawo, tizidutswa n'kumatirira m'masaya.

A Elsa anayang'ana pansi. Akanatha kukhala chete, palibe akanawafunsa. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, ndipo kampangoko kakafika pamphasa sikakanakhalanso kawo. Kuwonjezera apo, manyazi a wakuba anali kuwadikira pamaso pa mudzi wonse. Komabe anadzuka, mawondo akulira, n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi jumbo ya shuga, n'kugwada patsogolo pa alamu awo.

"Alamu, ndinalakwa. Aka ndinabisa. Ndi kamene anapukutira tsiku lomaliza, ndipo sindinakachape."

Anthu anayamba kung'ung'udza. A Beatriz anamasula jumbo, n'kuphimba nkhope yonse ndi kampangoko. Anakhala choncho nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka.

"Ndi yemweyu," anatero pomaliza. "Edu wathu ndi yemweyu."

Mkulu wina wa kuchimuna anatsokomola. "Mwambo umati chilichonse chichapidwe."

"Mwambo wachapa zokwanira lero," anayankha a Beatriz osamuyang'ana n'komwe. Kenako anatembenukira kwa a Elsa. "Si inu osoka? Katengeni sizasi."

A Elsa anatulutsa sizasi ndi makina omwe, n'kuziika pamphasa pomwepo. Anapinda kampango pakati n'kukadula. Mbali zodulidwazo anazipinda kuti zisasosoke, yoyamba ya alamu awo, yachiwiri yawo. Mzere wa ulusi unakhota, chinthu chimene sichinachitikepo pa ntchito yawo, chifukwa singano sankaiona bwino.

A Beatriz anamangirira theka lawo pakona ya kapulana. A Elsa anabwezera lawo m'jumbo n'kumanga kukamwa. Misozi inali ikutsikira m'khosi, ndipo mayi amene anasokera timipango Likhubula yense anaipukuta ndi kuseri kwa dzanja, kuopa kunyowetsa kachidutswa kamene kanawatsalira.