Mayi Ibiso ndi thovu la chitsime chakale

Mayi Ibiso Tolofari anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zitatu m'labotale ya kampani ina ya mafuta ku Port Harcourt. Ine ndinali dalaivala wowatengera miyala yomwe amisiri ankatulutsa pansi pa nthaka kuzitsime za mafuta za m'madambo. Mayiwo ankaidula tizidutswa tonga chala chachikulu, n'kumapopera madzi amchere ndi gasi m'kati mwake, kuti aone mmene mafuta amayendera m'timabowo ta thanthwe. Sanali olankhulalankhula. Masana ankadyera pakhonde nthochi zootcha ndi mutu wa nsomba, okhaokha.

Chitsime china chakale chinayamba kuvuta. Akapopera gasi pansi kuti akankhe mafuta, gasiyo ankangodutsa m'ming'alu ikuluikulu n'kukatulukira kwina, mafuta n'kutsalira m'thanthwe. Ndiye kunabwera injiniya watsopano, Bambo Wokoma, ndi nzeru yosakaniza gasi ndi sopo wapadera. Ati thovu likatseka ming'aluyo, gasi asowa kolowera, aloza komwe kuli mafuta.

Anayesa sopo wochokera kunja, thovu linaima bwinobwino m'botolo tsiku lonse. Bambo Wokoma anauziratu akuluakulu kuti zatheka.

M'mawa wina Mayi Ibiso anandiimitsa pageti ndi chigubu m'manja.

"Barine, ukapita kudambo ukanditungire madzi a m'chitsimemo. Enieniwo."

"Mayi, madzi onunkha aja? Mukufuna muphikire ndani?"

"Apongozi ako. Pita."

Kumbuyo konseku ankayesera sopoyo m'madzi osungunuliramo okha mchere m'labotale. Mayiwo atathira sopo uja m'madzi ndinabweretsawo, n'kuwatenthetsa monga kumatenthera pansi pa nthaka, thovu linaphwa mphindi khumi zisanathe. Anabwereza katatu, kenako anaitana injiniya.

"Ndani anakutumani zimenezi?" anafunsa Bambo Wokoma.

"Palibe, bwana."

"Sopo ali kale m'sitima panyanja, mukudziwa?"

"Ndikudziwa, bwana. Koma pansipo akakumana ndi madzi awa, osati athu aja."

Bamboyo anayang'anitsitsa botololo, natuluka osatseka chitseko. Sabata yonse sanawapatse moni. Lolemba lotsatira anabwera ndi mabotolo a sopo wamitundu khumi ndi inayi, nawaika patebulo la mayiwo.

"Yambani ndi amene mukumufuna, Mayi."

Zinatenga miyezi isanu. Sopo wina ankafa ndi mchere, wina ndi kutentha, wina akangokhudzana ndi mafuta. Wa nambala leveni anapirira. Atamupopera m'chitsime, gasi anasiya kuthawa, mafuta anayamba kukwera ndithu, ndipo zinakhala choncho chaka ndi theka. Bambo Wokoma anakwezedwa napita ku Lagos. M'lipoti lawo dzina la Mayi Ibiso linali kumapeto, pamodzi ndi la wotayipa. Bamboyo anawatumiziranso nsalu ziwiri zokongola; imodzi mayiwo anasoketsa, ina anapatsa mng'ono wawo.

Sabata yawo yomaliza pantchito Mayi Ibiso anandipempha kuti ndiwatengeko kudambo. Zaka zonsezo anali asanachionepo chitsimecho. Tinayenda maola awiri pagalimoto, kenako paboti. Tinapeza mpanda wawaya, mipope yadzimbiri ndi mlonda akusoka ukonde.

"Basi, ndi chimenechi?"

"N'chomwechi, Mayi."

"Thanthwelo lili pati?"

"Makilomita atatu pansi pa nsapato zanuzo."

Anayang'ana pansi pang'ono, nafunsa mlonda ngati nkhanu zikupezeka. Tinagula dengu limodzi kwa mkazi wake n'kubwerera.

Kampani inadzagulitsa zitsime za kuderalo, labotale n'kutsekedwa. Mayi Ibiso anabwerera kwawo ku Bonny, kumene amaphunzitsa masamu pasukulu ya mpingo masiku atatu pa sabata. Ndinakumana nawo pamaliro chaka chatha. Maso ayamba kuwavuta, koma anandizindikira mawu, nandifunsa ngati ndinasiya kuthamangitsa galimoto.