Kwanu N'kuti, Aphunzitsi?

Mlamu wanga Loice ndi munthu woti akayamba kulankhula, iwe ungopeza pokhala. Amaphunzitsa Chingerezi ana obwera kumene kuchokera kumayiko ena papulayimale ina ku Woolwich, mu London. Anabadwira pafamu ya fodya kufupi ndi Chegutu ku Zimbabwe, komwe agogo ake a ku Dedza anakagwira ntchito osabwereranso. Ku Zimbabweko ankamuuza kuti azipita kwawo ku Malawi. Atapita ku Dedza kumaliro, abale anaseka Chichewa chake n'kumamutcha wa ku Halale. Nkhani imeneyi saikonda. Ukangoiyamba, iye amayamba kudandaula za mabasi.

Chaka chatha m'kalasi mwake munabwera mtsikana wochokera ku Indonesia, dzina lake Meiliana. Pasukulupo pali chizolowezi chabwino ndithu: mwana watsopano amam'khazika ndi mnzake wa chilankhulo chimodzi kuti azim'masulira. Akuluakulu atangoona nkhope ya Meiliana, anam'khazika ndi mtsikana wa ku China. Koma abale inu, nkhope imalankhula? Mnzakeyo analankhula Chitchaina mpaka kukhosi kuuma, Meiliana ali duu. Masabata anadutsa mwana osatsegula pakamwa, ndipo ahedi anaganiza zom'chotsa m'kalasimo n'kukamuika kwa ana ochedwa kugwira zinthu.

Loice anakana kwamtuwagalu. "Mwana uja maso ake amatsatira chilichonse," anandiuza. Anadikirira mayi a mwanayo pageti, ndipo mayiyo anafotokoza m'Chingerezi chodukaduka. Makolo awo anachoka ku China kalekale n'kukakhazikika ku Indonesia, ndipo Chitchainacho chinathera pa agogo, nthawi imene kuchilankhula pagulu kunali kuputa mavuto. Meiliana amadziwa chilankhulo cha ku Indonesia basi. Kwawoko ana ena ankam'nena kuti ndi Mtchaina, kuno mnzake uja wamuuza kuti ndi Mtchaina wabodza. Mwana anangoona kuti bola kukhala chete.

Ine zinandikwiyitsa zedi. Ndinati, "Iwe pita ukawazazire ahediwo!"

M'mawa mwake Loice anatengera Meiliana pambali n'kutambasula mapu. Analoza Zimbabwe, akulankhula Chingerezi pang'onopang'ono: "Ine ndinabadwira apa." Kenako analoza Malawi: "Agogo anga anachokera apa. A apa amati ndine wa uko, a uko amati ndine wa apa."

Mwanayo anayang'anitsitsa mapuwo. Kenako anafunsa m'Chingerezi chomveka bwinobwino, mawu ake oyamba pasukulupo: "Ndiye akakufunsani kwanu, inu mumati kuti?"

Loice anati, "Konse kuwiri. Konseko ndi kwathu."

Meiliana anaika chala pa Indonesia. "Ine kwathu n'kumodzi, apa. Nkhopeyi ndi ya agogo."

Ahedi atamva mwanayo akulankhula, nkhani yom'chotsa inathera pomwepo. Ndinkayesa Loice abwera akunyada, koma analowa m'nyumba mwanga ku Ilford, mu London momwemo, n'kukhala pampando osavula ndi jekete lomwe. Ndinam'mvera chisoni ndisanadziwe n'chifukwa chake.

"Mlamu," anatero, "zaka zonsezi munthu akandifunsa kwathu ndimangoti London, kuti asafunsenso zambiri. Lero ndalephera kunamiza mwana."