Mawu Amene Ndinabwera Nawo Kuchokera ku Lusaka

Ndinadzuka tambala asanalire, m'nyumba ya siwa kwathu ku Madzimoyo. Amayi a chigwirizano cha mpingo anali atasasa mawu ndi nyimbo, moto wa panja utatsala makala okha. Munali mu Julaye. Kuchipinda khanda la malemu mng'ono wanga Esinala linkalira, ndipo palibe amene ankadzuka kukalinyamula.

Wolakwa ndine. Esinala anayamba ndi kugwetsa makapu, kenako dzanzi m'miyendo, kenako kuiwala mayina athu. Ndine ndinamuperekeza ku Lusaka, poti ndine wa satifiketi ya ku koleji. Dokotala anati asilikali a m'thupi mwake asokonezeka, akumenya ubongo wake womwe, ndipo matenda otere ngakhale akunja akali kuwafufuza. Magazi anamuyeza kawiri, kachilombo sanakapeze. Koma ine pofika kumudzi ndinangoti, "Ndi matenda a chitetezo cha m'thupi." Zaka zimenezo mawu amenewa ankamveka pa wailesi tsiku lililonse, ndipo ankatanthauza chinthu chimodzi basi.

Dzuwa litatuluka anthu anayamba kufika, ena pa njinga kuchokera ku Mtenguleni, ena pa lole ya ku Chipata. Osambitsa mtembo anamanga mapulasitiki m'manja. Ndinawaona, sindinawaletse. Kumafuwa wina ananong'ona kuti, "Kamwanako nako sikachedwa."

Popita kumanda mphepo inkatithira fumbi m'maso. Mkulu wa mpingo powerenga mbiri ya malemu anangoti anadwala nthawi yaitali, anthu n'kumagwedeza mitu ngati akudziwa. Pepala la dokotala linali pamfundo ya chitenje changa. Ndinkati ndiimirire ndiliwerenge, koma sindinalimasule. Adzukulu anakwirira.

Madzulo, nyumba itati zii, amayi anga analowa ndi khanda lija, litatopa ndi kulira.

"Make Tamara, pepala ukubisalo likuti chiyani kwenikweni?"

Ndinawawerengera lonse, m'Chinyanja, pang'onopang'ono, mpaka poti matendawa nthawi zina amabwerera m'banja. Sanandikalipire.

"Ndiye mwanayu alibe kanthu?"

"Alibe, amayi."

"Nanga ukudikira chiyani? Mkaka uli nawo."

Ndinamuika kubere limene Tamara wanga amakonda. Anayamwa mwaukali, atandigwira chala. Patapita kanthawi dzanja langa lamanzere linachita dzanzi. Ndinadziuza kuti ndi kulemera kwa mwana. Sindinamutsitse.