Madzi Amoyo ndi Botolo la Viniga

Linali botolo la viniga la chitsekero chofiira, lomwe amayi ankasunga pamwamba pa kabati kudikira tsiku lokazinga tchipisi. Mpaka lero ndikamva fungo lake pa chiwaya mu Limbe, ndimaseka ndekha, anthu n'kumandidabwa.

Chaka china ndili mwana, mvula itangoyamba, kwathu ku Chinyonga kunabwera amalume ochokera ku Mozambiki, kwawo kwa agogo athu. Anali msodzi wa m'nyanja ya mchere. Atapinda malaya kuti asambe m'manja, ndinaona mizere yakuda itazungulira mkono wawo ngati anakwapulidwa ndi waya. Ine pakamwa panga sipankachedwa, ndinafunsa pomwepo.

“Aguaviva,” anatero. “M'Chinyanja chanuchi ndiye kuti madzi amoyo.”

Anati ndi kanthu kooneka ngati jumbo yoyera yoyandama, kopanda fupa, kopanda maso. Kunsi kwake kumalendewera zingwe, ndipo chingwe chilichonse chili ndi timivi tosaoneka todzaza ndi ululu, togwirira tinsomba. Ukangokhudza, timivi tija timalasa tokha n'kutsalira m'khungu. Kamaluma ngakhale katafera pamchenga. “Sikadana nawe, sikakudziwa n'komwe. Ukathira madzi akumwa moto umakula. Mankhwala ake ndi viniga basi.”

Nkhani ikanathera pomwepo, koma Lamulungu lomwelo kutchalitchi analengeza za ubatizo, ndipo achemwali anga anali m'gulu la obatizidwa. Abusa anakuwa, thukuta lili kamukamu: “Bwerani ku madzi amoyo!” Mayo ine! Mpingo wonse ameni, ine maso ali pa achemwali. Achemwali ndiwo ankandiluka tsitsi, ndiwo ankandibisira mango akupsa, bulangete tinkafunda limodzi. Ndiye azibambo a mataye akawamize dala m'zinthu zija?

Ndinawachonderera achemwali kuti asapite, koma anangoti Satana wayamba kundigwiritsa ntchito. Lero ndimaona kuti ndikanangofunsa amalume, zonse zikanatha. Koma mwana akagwira mantha ake safuna kufunsa, amafuna kupulumutsa munthu.

Ubatizo unachitikira m'dziwe la simenti kuseri kwa tchalitchi. Madzi anali obiriwira, ozizira, pamwamba pali masamba a mango. Ndipo pakona, taonani, jumbo yoyera ikuyandama! Ndinafinya botolo lija lomwe ndinabisa m'chitenje. Abusa anawamiza achemwali, phava! Anavuuka akunjenjemera, manja m'mwamba, akulira mokweza. Ndinati basi, zawaluma. Ndinabowola mzere wa amayi a kwaya n'kuwakhuthulira achemwali botolo lonse, kuyambira paphewa kutsika ndi diresi yoyera ija.

Nyimbo inadukira pakati. Oyamba kuzindikira anali amalume, ndipo anaseka mpaka kukhala pansi m'matope, ali mu suti yobwereka kwa abambo. Amayi anandikoka khutu, koma nawonso akufa ndi phwete. Abusa, atamva nkhani yonse, anapukuta magalasi n'kunena kuti chiyambire ubusa sanabatizepo munthu wonunkhira tchipisi. Ku Chinyonga dzina langa linakhala Naviniga mpaka ndinamaliza pulayimale.

Titafika kunyumba ndinawayendera achemwali thupi lonse, mikono, msana, m'khosi. Panalibe mzere ngakhale umodzi. Ndinakwiya ndithu.

“Nanga mumalira chiyani, achemwali?”

Anangondikumbatira, akununkhabe viniga, akuseka, misozi n'kuyambiranso kutsika. Ine ndinaima njo m'manja mwawo, ndikufufuzabe pomwe pawaluma, poti kulira komwe ndinkakudziwa kunali kumodzi kokha, kwa munthu amene chamupweteka.