Khadi Limodzi, Amayi Awiri

A Esitele Nabanda anayamba kusesa pa ofesi yathu ine ndisanalembedwe ntchito. Timagula mtedza ndi soya kwa alimi, pa Boma ku Mchinji kuno, ndipo ine ndimayang'anira makompyuta. Kwawo ndi ku Chiosya. Anabwera m'tauni kutsatira amuna awo, a Jonasi, amene ankanyamula anthu pa njinga yamoto kupita nawo kuboda. Ndi mayi wamfupi, wosakonda zolankhulalankhula, woti akakupezani mwaima panjira amangosesa mokuzungulirani.

Chaka chatha mabwana a ku Lilongwe anatiikira zitseko za makhadi. Pakhoma pali kabokosi. Ukayandikitsa khadi kamalira kuti tii, kagetsi kobiriwira n'kuyaka, maginito n'kuchisiya chitseko. Zonse zimalembedwa m'kompyuta yanga: khadi la uje latsekula chitseko chakuti, nthawi yakuti. Zitsekozo zinabwera ndi lamulo lake, ndipo bwana wathu, a Vitus Mbewe, anatiwerengera kawiri: wobwereketsa khadi lake, ntchito yam'thera pomwepo. Wodinda makhadiwo ndinali ine. A Esitele ndinawajambula ataumitsa khosi ngati ali kupolisi.

Patangopita miyezi iwiri, a Jonasi anagundidwa ndi thiraki, miyendo yonse n'kufa. Tinapita kukawazonda kamodzi, titanyamula shuga ndi sopo, kenako tinaiwala monga timachitira anthu a m'maofesi. Chotikumbutsa panalibenso. Khadi la a Esitele linali lokhulupirika kuposa tonsefe, tsiku lililonse sikisi isanakwane limakhala litatsekula kale. Ndinkawachemerera nawo pamisonkhano kuti mayi amenewa sajomba.

Lachinayi lina mu Juni, kuli chisanu chomwe chija, ndinapeza mayi ataima panja, yunifomu yabuluu, mpango kumutu, akuyandikitsa khadi pakabokosi koma kagetsi kali psuu. Nditalitenga ndinaona kuti aliboola ndi msomali wamoto.

"Mayi, khadili mwalipha," ndinatero ndikuseka. "M'katimu muli kawaya."

"Ndimaopa kulitaya, achimwene. Ndimati ndilimange chingwe lizikhala m'khosi."

Ndinalowa nawo kuti ndiwakonzere lina. Nditalemba nambala, chithunzi chinatuluka pakompyuta, ndipo mutu wanga unaima. Pachithunzi panali nkhope yobulungira ya a Esitele. Amene anali patsogolo panga anali mayi wamtali, woti angapukute pamwamba pa kabati osakwera mpando.

"Kodi inu ndinu ndani?"

Anagwada pansi. "Ndine mng'ono wawo. Chonde, achimwene."

Nkhani yake inali yosavuta. Wodwala ngati a Jonasi amafunika kumutembenuza, kumusambitsa, ndi kumukankha pa njinga ya olumala kupita naye kuchipatala kukawongola ziwalo. Mng'onoyu anasiya dimba lake ku Chiosya n'kubwera, ndipo anagawana masiku: atatu iye, awiri akulu ake. Khadi ankasiyirana pamsomali kuseri kwa chitseko cha kunyumba. Anali atachita zimenezi miyezi khumi.

Ndinachita manyazi, ndipo ndinadzikwiyira. Miyezi yonseyo ndinkati "Mwadzuka bwanji, a Esitele," maso ali pafoni. Kabokosi kapakhoma tikakhululukire, kalibe maso. Nanga ife anthu khumi ndi anayi, ena ovala magalasi?

Ndinafuna kubisa, koma khadi latsopano silituluka popanda siginecha ya bwana, ndipo iwo anafunsa mafunso mpaka ndinaulula. A Mbewe si munthu wankhanza, koma Lilongwe amaiopa ngati ng'anjo. Pofika teni koloko kalata yochotsa ntchito inali italembedwa. A Esitele nawo anali atafika, atasiya wodwala m'manja mwa aneba. Anati zobisalabisala zawatopetsa.

Tinalowa muofesi ya bwana, amayi awiriwo ataima pamodzi. A Mbewe anadzuka, anakonza kukhosi, n'kutambasula dzanja ndi kalatayo kupatsa wamtali uja.

"A Esitele, mwagwira nafe ntchito zaka zambiri, koma lamulo ndi lamulo."

Wamtaliyo sanailandire kalatayo, manja anangowapinda kumbuyo.

"Bwana," anatero wamfupi, motsitsa mawu, "Esitele ndine."

Dzanja la a Mbewe linakhalabe m'malere. Ndinayang'ana pansi, chifukwa manyazi awo anali anganso.

"Ndalakwa, sindikukana," anapitiriza a Esitele. "Koma kwathu munthu akagwidwa ndi matenda pakhomo, abale amakam'limira munda, ndipo palibe amanena kuti aba munda. Ine ndimaona ngati tsache n'chimodzimodzi. Bambo akunyumba sangatembenuke okha, bwana. Ndikawasiya masiku asanu achita zilonda. Ndikasiya ntchito tidya chiyani? Kapena munapezapo fumbi patebulo lanu?"

Sindinawamvepo akulankhula mawu ochuluka chotero chiyambire. Atatha, mng'ono wawo anawagwira phewa.

A Mbewe anakhala pansi, kalata n'kuiponya mudirowa. Anatiuza kuti tidikire panja. Tinkawamva pafoni ndi mabwana a ku Lilongwe, poyamba akupepesa, kenako mawu akukwera, zomwe sitinazolowere. Patapita nthawi anasuzumira pakhomo, thukuta lili kamukamu ndi chisanu chonsecho.

"Iwe, dinda makhadi awiri. Aliyense lake. Ndipo uwapatse zingwe za m'khosi, asatiboolerenso."

A Esitele sanadikire n'komwe kuti athokoze bwinobwino. Anawomba m'manja kamodzi, n'kuthamangira kwa wodwala wawo. Mng'ono wawo ndinamukhazika pampando, ndinamujambula, n'kutsekula fomu yatsopano pakompyuta. Pamzere woyamba penipeni ndinagwira njakata.

"Pepani mayi," ndinatero, "dzina lanu ndani?"

"Zelifa," anayankha, akukonza mpango wake. "Inu ndinu a Davie. Tiyi wanu ndi wa masupuni atatu, wopanda mkaka."