Kampando ka a Chidendene

M'mawa uliwonse, asanatsegule bokosi la zida, a Chidendene ankayamba atulutsa kampando. Kanali kathabwa, kakafupi, mwendo umodzi womanga ndi waya. Ankakapukuta ndi chipewa chawo n'kukaika pakhonde la sitolo ya zitsulo, moyang'anana ndi pamene iwo ankakhala. Akatero m'pamene ankayala nyundo, singano, ulusi wopaka phula ndi kachitini ka guluu.

Kampandoko kanali ka makasitomala. Munthu wobweretsa nsapato imene wavala sangachoke, amakhala pansi n'kumadikira, phazi limodzi lili pamtunda. A Chidendene anazindikira kalekale kuti munthu akavula nsapato sachedwa kumasula pakamwa. Iwo maso ali pa ulusi ankangoti "eya" apo ndi apo, mwini nsapato n'kumakhuthula za kukhosi.

Dzinali anawapatsa ndi anthu a mumsewumo, chifukwa munthu asanapereke moni iwo amakhala ataona kale mmene chidendene cha nsapato yake chadyekera. Kutchalitchi anali mkulu wa mpingo, ndipo abusa akapita ku mipingo ina ankalalikira iwo. Mutu wawo unali umodzi chaka chonse: chisomo cha Mulungu. Akazi awo ankawaseka kuti ngakhale atapatsidwa ndime ya mayina a mafuko okhaokha, akatulukirabe pa chisomo. Koma anthu sankatopa nawo, chifukwa sankalalikira opanda nkhani. Akangoti, "Panali munthu wina," owodzera ankadzuka.

Nkhanizo zinkachokera pakampando. Lamulo lawo linali kusintha: mwamuna ankasanduka mkazi, woyendetsa basi ankasanduka mmisiri wa matabwa. Ankati chikopa cha nsapato yakale ukachidula bwino umagambira nacho ina, mwini wake osachizindikira.

Tsiku lina pakampandopo panakhala amayi ogulitsa tomato pakona ya msika, a mumpingo momwemo. Lamba wa nsapato yawo anali ataduka. Amuna awo anali atamwalira chaka chomwecho, ndipo a Chidendene atawapepesa, amayiwo anayamba kusimba motsitsa mawu. Bamboyo anawasiya ndi ana aang'ono n'kupita kwa mkazi wina, kukhala komweko mpaka anawo anakula. Atadwala, mkazi uja anawathamangitsa. Anabwerera ataonda, atakumbatira wailesi yakufa, katundu wawo yense. Amayiwo anawatsegulira. Ankawasambitsa, kuwadula zikhadabo, kuwadyetsa ndi supuni mpaka tsiku lomaliza. Lambayo ankafuna chikopa chimene a Chidendene analibe, choncho amayiwo anasiya nsapatoyo, n'kupita atavala patapata amene anali m'dengu.

Lamulungu lotsatira nkhaniyo inakwera paguwa. Wogulitsa tomato anasanduka telala wa kutali. Koma wailesi ija a Chidendene analephera kuidula, inkawakomera kwambiri. Ndipo poona kuti nkhaniyo ilibe potsekera, anasokererapo mawu awoawo: akuti mayiyo atatsegula chitseko anati, lowani, ndinakukhululukirani kalekale. Mulungu naye amatsegula choncho, anatero. Ena ankapukuta misozi. Koma a Chidendene anali ataona kale kuti pamene anatchula wailesi, mitu ingapo inatembenukira kumbuyo. Nyimbo yotsekera isanathe, pamalo pa amayi a tomato panalibe munthu.

Kunyumba akazi awo anawathirira tiyi, kenako anawakumbutsa kuti wailesi ija msewu wonse unaiona ikudutsa. Iwo anadziteteza kuti sananyoze munthu, anangoyamikira.

"Munawapempha eni ake, bambo?"

A Chidendene anangovundula tiyi wawo.

Panapita masabata, amayiwo osaoneka kutchalitchi. Nsapato inatha kusokedwa, inapakidwa polishi, n'kumangokhala m'bokosi. A Chidendene ankaitulutsa m'mawa, madzulo n'kuibwezeramo. Chimene chinkawadya mumtima n'chakuti munthu wachoka m'nyumba ya Mulungu chifukwa cha ulaliki wa chisomo, wolalika ali iwo.

Masana ena amayiwo anabwera. Pakampando sanakhale. A Chidendene anaimirira, chipewa chili m'manja, n'kuyamba kupepesa za wailesi.

"Za wailesi si kanthu, bambo mkulu. Anthu anaiona ndi maso awo. Koma mawu a pakhomo aja munawatenga kuti? Ine sindinawakhululukire bambo aja. Ndinkawasambitsa mtima ukuwawa. Tsiku lina ndinawadula chikhadabo mpaka magazi, dala. Tsopano amayi anzanga akubwera pa tomato kudzandigwira manja, ati ndiwaphunzitse kukhululuka. Ndikalowa bwanji m'tchalitchi muja? Mayi wa chisomo uja ndi wanu, si ine."

Mwachizolowezi, a Chidendene anafufuza m'mutu nkhani yoyankhira. Ulendo uno panalibe "munthu wina" woti amusimbe. Panali amayi okhawa, dengu lili m'chiuno, maso ali ouma. Anangoti chisomo sichidikira kuti munthu atsirize kukhululuka, koma mawuwo anatuluka opyapyala, ngakhale iwo eni anamva. Amayiwo anagwedeza mutu mwaulemu, n'kutembenuka. Nsapato inatsala m'manja mwa a Chidendene.

Masana onsewo ulusi unkangowadukira. Zaka zonsezi ankalalikira kuti chisomo n'cha osayenera, koma m'nkhani zawo ankachipereka kwa anthu amene iwo anayamba awakonza, kuwadula m'mbali mosongoka, kuwapaka polishi. Anadzifunsa kuti ndi angati anakhalapo m'tchalitchimo n'kumva nkhani yawo yomwe itavekedwa bwino, n'kubwerera kwawo akuganiza kuti Mulungu amakonda munthu wa m'nkhaniyo, osati iwo.

Madzulo akazi awo anafunsa ngati akakonze nkhaniyo paguwa. Anayankha kuti kutero kungakhale kuwavula amayiwo kachiwiri. Nanga mutani, anafunsanso akaziwo. A Chidendene anati sakudziwa, ndipo akazi awo anati aka n'koyamba kuwamva akutero chikwatiranecho.

M'mawa mwake anatulutsa kampando, n'kukapukuta ndi chipewa monga mwa masiku onse. Koma sanakaike pakhonde. Anauza mwini sitolo kuti awaonere bokosi, nanyamula kampandoko m'khwapa, nsapato ili m'dzanja lina, ulendo wa kumsika.

Anapeza amayi aja akusanja tomato m'timilu. Anaika nsapatoyo pafupi ndi phazi lawo, n'kukhala pakampando, mawondo atafika pachifuwa. Aka kanali koyamba kukhalapo iwo.

"Mayi, ndiuzeni mmene zinalili. Sizikafika paguwa. Zikhala pompano."

Amayiwo anapitiriza ntchito yawo. Anagulitsa mulu umodzi, anathamangitsa ntchentche, anachotsa tomato wophwanyika n'kumuika pambali. A Chidendene anadikira, manja opanda singano atawapinda pamawondo. Patapita nthawi amayiwo anavula patapata, n'kulowetsa phazi mu nsapato ija, kuyesa lamba ndi chala.

"Tsiku limene bambo aja anabwera kunali mvula," anatero. "Ndinawasiya panja kaye."

"Eya," anatero a Chidendene.