Dzanja la a Chanazi M'kamwa mwa Sitima

Ndikawakumbukira a Chanazi, chimayamba kundifikira ndi fungo la utsi wa ndowe zouma, zimene ankayatsa pakhomo pawo pothamangitsa udzudzu wochokera kumadambo a Shire. Anali mayi wamasiye, wochepa thupi, ndipo nyumba yawo inayandikana ndi khola lathu kwa Tengani. Ife ana tinkawayesa amantha, pakuti ngakhale mbuzi ikawadyera mapira oyanika pamphasa, sankaigenda. Ankangoikankha ndi bondo, n'kumaipempha m'Chisena kuti ichoke.

Bambo anga anali ndi ng'ombe ziwiri zokoka ngolo, ndipo ngoloyo, imene inkanyamula thonje la anthu kupita kumsika, ndiyo inkatidyetsa. Yaikulu mwa ziwirizo tinkaitcha Sitima chifukwa cha kapumidwe kake. Woiweta ndinali ine.

Tsiku lina m'nyengo ya mango, mchenga ukuotcha mapazi, Sitima anabwera kuchokera kubusa akutuluka dovu, akupukusa mutu, maso ali psuu. Anathamangitsa amalume anga mpaka iwo anakwera pankhokwe, kenaka analowa m'khola n'kumawomba mitengo ndi nyanga.

"Chiwewe ichi, alamu!" anakuwa amalume ali pamwambapo. "Ibayeni isanaphe munthu!"

Bambo anatuluka ndi mkondo, nkhope ili yakugwa. Ng'ombe imodzi siikoka ngolo, ndipo nyama ya chiwewe siidyedwa; Sitima akanafa, tikanataya zonse.

Pamenepo a Chanazi anafika atafumbata mchere.

"Bambo a Zuze, taimani pang'ono," anatero, pakuti Zuze ndine. "Ng'ombeyi ikufuna kumeza, koma ikulephera. Ndiloleni ndiione."

"Mayi, bwererani! Ikuthyolani nthiti," anatero bambo.

"Asiyeni alowe, alamu," anatero amalume. "Mwina aikankha ndi bondo ngati mbuzi!"

A Chanazi anapempha kuti tonse tikhale chete, nalowa m'khola akung'ung'udza kanyimbo ka pamtondo. Sitima akapalasa pansi, iwo ankaima. Akaleka, ankasendera pang'ono. Zinatenga nthawi yaitali kotero kuti ndinkamva ntchentche zikulira pandowe, ndi mpweya wa ng'ombe ukutuluka movutikira. Potsiriza anatambasula dzanja la mchere lija, Sitima nanunkhiza. A Chanazi anamusisita pamphuno ndi pakhosi, anagwira lilime ndi dzanja lamanzere n'kulikokera pambali, ndipo lamanja analilowetsa m'kamwa mpaka m'chigongono. Potuluka, dzanjalo linali ndi magazi chifukwa cha mano, koma linali litagwira njere yaikulu ya mango.

Sitima anatsokomola, napita kukamwa madzi.

A Chanazi atatuluka m'khola anangokhala pansi padothi. Ndinawatungira madzi, koma chikho chinkagwedezeka m'manja mwawo mpaka madzi kutayikira pachitenje.

"Kodi munaopa?" ndinafunsa.

"Iwe mwana, sukuiona miyendoyi ikunjenjemera? Ndinaopa zedi. Koma mnzako uja nayenso amaopa. Tikanakhala okuwa tonse awiri, bwenzi pano mukukumba dzenje."

Bambo anaika mkondo pansi, nagwada, nawomba m'manja. "Takhuta, mayi," anatero, kuwathokoza m'chinenero chawo. Amalume anatsika pankhokwe, ndipo chaka chimenecho ndi iwo amene anafolera nyumba ya a Chanazi.

Posachedwapa mdzukulu wanga, amene akuphunzira ku Blantyre, anandionetsa pafoni chithunzi cha limodzi mwa makhadi a maula a kunja otchedwa taroti. Ine za maula sindiyenda nazo, koma ndinavala magalasi. Panali mkazi wovala zoyera, wopanda mkondo, atagwira nsagwada za mkango modekha.

"Agogo, akuti khadi limeneli limatanthauza mphamvu ya mumtima," anatero. "Kugonjetsa ukali ndi kufatsa."

"Wojambulayo waiwala chinthu chimodzi," ndinamuuza. "Akanajambula miyendo ikunjenjemera."

Kufikira lero, mkwiyo kapena mantha zikandigwira, ndimayamba ndaima, n'kutsitsa mawu, n'kusendera pang'onopang'ono. A Chanazi anatisiya kalekale, ndipo tsiku lija ine ndinangopereka madzi, osawathokoza. Ndikunena tsopano: takhuta, mayi.